Matalala m'Munda wa Fodya

Ndikamapala madzi oundana mufiriji, zala zikachita dzanzi, ndimakumbukira aphunzitsi athu a ku Kaluluma. Tsiku lina m'mawa anatiuza kuti kumaiko ozizira madzi oundana amaunjikana m'mapiri chaka ndi chaka osasungunuka. Akalemera amayamba kukwawa ngati mtsinje waulesi, akukumba zigwa ndi kukoka miyala yaikulu ngati nyumba.

Masana omwewo kumwamba kunada bii, mphepo inazizira, kenaka kunagwa matalala. Chaka chimenecho bambo anali atalandira kuponi ya feteleza, ndipo fodya wathu anali atandipitirira msinkhu.

Mvula itakata, ndinaona matalala ataunjikana mbuu pakati pa mizere. Ndinathamangira beseni n'kuyamba kuwawola, kuopa kuti alimba n'kukokolola munda ndi chigafa chomwe.

"Ukutani iwe?" anafunsa bambo.

"Ndikuwachotsa asanayambe kuyenda, bambo."

Iwo anatola tsamba long'ambikang'ambika n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Siya besenilo, mwanawe. Ayenda kale."

Aphunzitsi anati madzi oundana amatenga zaka zosawerengeka kuti apere dziko. Athuwo sanadikire n'komwe kuti madzi a tiyi awire.