Alonda a M'matumbo Omwe Sanawerengedwe

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka ku ofesi ya esiteti Lolemba, sabata yomwe tinayamba kudulira tiyi, chaka chomwe mwana wanga womaliza analemba mayeso a Fomu 4. Lina ndinapereka mvula yoyamba itagwa, linanso Khirisimasi itapita. Makope ake a kaboni ali m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi mabuku anga onse a kuchipatala, ngakhale lija linanyowa n'kuyanikidwa padenga.

Ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Othyola ankabwera ndi madengu, ine n'kupima masamba, n'kulemba. Ndimamwa ma ARV, ndipo sindinabisepo kapena kudumphitsa tsiku. Vuto linali m'mimba. Mwezi uno bwinobwino, mwezi wamawa kutsegula, ndipo kukazizira, chifuwa. Sikelo sasiya yokha, koma ine ndinkaisiya n'kuthamangira m'mabulugama, amayi a madengu ali pamzere padzuwa.

"A kalaliki, lero kangati? Kwerani pasikelopo tikupimeni, mwina mwapepuka!" ankatero mayi wina wa ku Goliati, wapakamwa posatopa.

Ndinkaseka nawo. Amene sanaseke ndi a medikolo a pachipatala cha esiteti. Anatsegula buku langa, naloza nambala ya asilikali a m'thupi, ija amawerenga m'magazi.

"Bambo, asilikali anu akwera, mwina kuposa anga. Munthu wa nambala iyi sadwala chonchi. Inu mukufuna tchuthi basi."

Analemba kapepala kopita ku ofesi konena kuti ndikunamizira kudwala. Kapepalako kanabala makalata awiri a chenjezo. Pa esiteti kalata yachitatu ndi yochotsa ntchito, ndipo wochotsedwa amatuluka m'nyumba ya kampani. Agogo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo chimene anatisiyira ku Changata ndi kamunda komwe abale anayi akulimbirana kale. Ine ndi mkazi wanga tikanalowera kuti?

Madandaulo atatu aja, otsutsa kapepalako, sanayankhidwe. Ndikusongola pensulo kuti ndiyambe lachinayi, mkazi wanga anandilanda pepala.

"Abambo, kalata si mankhwala. Nyamulani chitini chanucho tipite ku mishoni."

Ku chipatala cha mishoni tinapeza dokotala wachimayi. Ndinayala mabuku patebulo lake motsatana zaka. Nthawi iliyonse yomwe ndinadwala ndinali nditaidula mzere wofiira kunsi. Ndinkayembekeza kuti anena kuti alibe nthawi, koma anawerenga tsamba ndi tsamba, kenaka anandifunsa funso losayembekezeka.

"Bambo, ku esiteti kwanu kuli alonda?"

"Alipo, pageti ndi ku fakitale."

"Munthu akawerenga apolisi onse a ku boma n'kupeza kuti akwanira, ndiye kuti pageti panu pali mlonda?"

"Ayi, adokotala. Mbala ingalowe n'kutuluka apolisi asanavale nsapato."

Anati m'thupi n'chimodzimodzi. Asilikali omwe amawerengedwa m'magazi ambiri a iwo ali ngati apolisi: amayamba aphunzira nkhope ya mdani, kenaka n'kubwera, ndipo zimatenga masiku. Koma pali abale awo ena, a mtundu womwewo, amene amakhala pakhungu lofewa la m'kati mwa matumbo ndi mapapo, momwe mumadutsa chakudya ndi mpweya. Amenewo sadikira kuphunzitsidwa. Amazindikira kanthu kena komwe tizilombo tambiri timapanga tikamadzikonzera chakudya, ndipo akangokamva amayamba ndewu pomwepo, akuitananso anzawo. Kachilombo kanga kamachepetsa alonda amenewa msanga, ndipo mankhwala akakweza nambala ya m'magazi, iwo amabwerera pang'onopang'ono, mwina osakwanira monga kale.

Ndinafunsa ngati angawawerenge anga. Anati ayi, makina ake kunalibe, ndipo sakanalumbira kuti vuto langa lonse ndi limenelo. Chimene akanalumbira n'chakuti nambala yabwino si umboni woti munthu sakudwala. Anandipima chimbudzi, chinthu chomwe ku esiteti sanachitepo, ndipo anapezamo tizilombo. Anandipatsa mankhwala, nandiuza kuti madzi akumwa ndiziwiritsa. Ndinapempha kuti zonsezo azilembe ndi kudinda. Anaseka, koma analemba.

Lachisanu ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita kwa bwana woona za antchito. Ndinakana kulankhula mpaka a medikolo ataitanidwa. Atafika ndinayala mabuku, kenaka makope a kaboni, kenaka kalata ya dokotala pamwamba. Bwana anaiwerenga kawiri, naipereka kwa a medikolo.

"Izi kusukulu sanatiphunzitse," anatero a medikolo, maso ali pansi.

"Nanga za ulesi wanga anakuphunzitsani m'kalasi iti?" ndinawafunsa.

Bwana anatsokomola kubisa kuseka. Anatulutsa makalata a chenjezo m'fayilo, nawagwira kuti awang'ambe.

"Musang'ambe, bwana! Pepala long'ambidwa silichitira umboni. Lembanipo kuti zathetsedwa, musainire, mudinde, mundipatse."

Anandiyang'ana ngati ndapempha ng'ombe, koma anachita zonsezo. Inki ya chidindo inali yotha, ndiye ndinawapempha adindenso kachiwiri. Makalatawo ali m'chitini, zidindo ziwiriziwiri.

Lolemba nditafika pasikelo nkhani inali itanditsogolera kale. Mayi wa ku Goliati uja anatula dengu n'kululutira.

"A kalaliki apambana mlandu ndi chitini cha mabisiketi! Nanga alonda a m'mimbawo alembedwa ntchito?"

"Akulembedwa mmodzimmodzi, mayi. Ikani dengu pasikelo."

M'mimba simunachire tsiku limodzi, koma maulendo a m'mabulugama anachepa. Ndinagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo m'nyumba ya kampani ndinatuluka pa tsiku langa, makiyi ndikupereka ndekha, mnzanga wina akusainira ngati mboni. Ndinamvanso kuti kuyambira pamenepo munthu wotsegula m'mimba akapita kwa a medikolo, amapatsidwa kaye kabotolo koikamo chimbudzi choti apime, iwo asanayang'ane nambala ya asilikali.

Chatsala chinthu chimodzi. Tsiku lomwe bwana anatsegula fayilo ija ndinaona ndi maso anga kuti kapepala koyamba, konena kuti ndimanamizira kudwala, kanatsala momwemo. Makalata omwe kanabala anathetsedwa, koma ikoko palibe anakakhudza. Munthu wodzatsegula fayilo imeneyo ine nditapita adzawerenga bodza.

Choncho ndikupempha mwaulemu ofesi yoona za antchito ya pa esitetiyo kuti ilembe pa kapepalako kuti mawu aja anali olakwika, isainire, idinde, ndipo inditumizire kope lake. Ndikupemphanso kuti yankho la nkhaniyi libwere lolembedwa, osati lapakamwa.