Timu Imene Ndinaisiya

Mwana wanga Tadala amasewera mpira kukoleji kuno ku Dublin. Tili m'sitima ya Luas kubwerera ku Tallaght, anandifunsa ngati timu yawo ichite bwino chaka chino, popeza osewera akale onse abwerera.

"Akale ndiwo timu," ndinatero. "Ine nditachoka kukoleji kwathu, anzanga anagwa chagada."

Ndinanama. Chaka chomwecho anatenga chikho. Pagolo, pomwe ndinkaima ine, anaikapo watsopano, ndipo zinangoyenda. Chithunzi chawo ndili nacho mufoni. Ndimachiyang'ana popuma kuntchito, kufunafuna pamene ndikanaima. Anapanikizana bwinobwino, mpata palibe.

"Ndiye anakusowani, eti adadi?" anatero Tadala.

Ndinavomera ndi mutu, maso ali pawindo. Wowasowa ndine.