Ndinabwera Wowonda

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe tinaika bambo m'manda. Anali kalaliki ku Kanengo, munthu wa mimba yake, ndipo ku Nsungwi konse ankawatcha bwana. Anangogwa podikira minibasi, basi. Akulu awo anapitanso choncho, ndiye pamaliro anthu ankanong'ona za nsanje ya kuntchito. Ine ndinangoona kuti mayi atsala opanda wowadyetsa.

Ku Joni ndinkaphika m'nyumba ya azungu. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo mnzanga anali mbale ya chakudya: nyama yotsala, buledi, tiyi wa masupuni anayi. Nditatumiza chithunzi, mayi analemba kuti, "Wanenepa bwino, Wongani, wafanana ndi bambo ako." Ndinanyada, chitsiru ine. Dalaivala wa thiraki aliyense wopita ku Lilongwe ndinkamupatsira shuga, majarini ndi mafuta ophikira.

Chaka chachinayi ludzu linandisowetsa mtendere. Dokotala atandiyeza anafunsa ngati kwathu alipo anafa mwadzidzidzi. Ndinatchula awiri.

"Matenda a shuga ndi BP amatsata mtundu," anatero. "Magazi simungasinthe, koma zimene mukudyazi zikuwathamangitsa."

Ndinasiya shuga tsiku lomwelo, n'kuyamba kupita kuntchito wapansi. Pobwerera kwathu, malaya anali akundikhwepa.

Zaka zimenezo, munthu wochokera kunja atawonda ankaweruzidwa asanatsitse chikwama. Nditangolowa m'nyumba, mayi anatseka chitseko, misozi ili mbwembwembwe.

"Undiuze zoona, mwana wanga. Ndi matenda aja?"

Ndinafotokoza, koma sanandikhulupirire. Amayi a kumpingo anabwera kudzandipempherera, ndipo kapu yanga ankaiika payokha. Zinandiwawa, sindinama. Koma nditakhala pamphasa ndinaona zina: mayi ankamwa madzi kapu pa kapu, ndipo chilonda cha pachala chawo chinali chitatha miyezi osapola. Aliyense ankawayamikira kuti ali ndi thupi labwino.

Tinakangana masiku atatu asanavomere kupita kuchipatala. Anawapeza nawo, shuga wokwera kuposa wanga. Titafika kunyumba ndinatsegula kabati, n'kupeza mapaketi a shuga amene ndinatumiza ndekha atandandalikidwa ngati m'golosale. Ndinawatulutsa onse.

Tsopano m'mawa uliwonse timayenda limodzi mpaka kumsika, mayi akudandaula njira yonse.

"Anthu aziti chiyani, tonse awiri tikawonda?"

"Alankhule, Amayi," ndimatero. "Bambo tinawaika ali onenepa bwino."