Chitini cha m'chikwama cha amuna anga

Chitinicho ndinachipeza m'chikwama cha amuna anga ndikufunafuna machesi. Chinali choyera, m'kati muli makapisozi akuluakulu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu akuti amino asidi olembedwa pachitinipo ndinawawerenga.

Zinali zaka zija maliro sankatha ku Mkanda, mankhwala otalikitsa moyo tikungowamvera pawailesi. Pamjigo tonse tinkadziwa kuti munthu akayamba kumwa za m'zitini zochokera ku Chipata, zoti zimawonjezera mphamvu, ndiye kuti ali ndi kachilombo ndipo akubisa. Mkulu wanga anamwa zoterezi mpaka tinakamuika m'manda. Tsono amuna angawo ndi owonda chibadwire, ndipo ntchito yawo inali yonyamula matumba a mtedza ndi soya panjinga kupita nawo ku Boma, nthawi zina mpaka kumalire. Ine ndinali ndi mwana wakubere.

Ine mantha anga amatuluka ngati ukali. Atabwera madzulo, ndinangochiika pampando wawo, osawapatsa ndi moni womwe. Anachita manyazi, n'kuyamba kufotokoza chapansipansi kuti anyamata ankawapitirira pachitunda, kumawaimbira belu n'kumawatchula agogo. Mwini sitolo wina wa ku Boma ndiye anawauza kuti ochita masewera onyamula zitsulo amamwa zimenezi kuti akhale ndi mphamvu. Akuti panali ndi zaufa zosungunulira m'madzi, koma iwo anasankha makapisozi poti savuta kubisa.

Mawu oti kubisawo anandiwonjezera moto. "Ngati n'zoona, bambo, mawa tikayezetse magazi tonse awiri," ndinatero.

Masiku amenewo kuuza mwamuna zimenezo kunali ngati kumutukwana. Koma iwo anangodzuka n'kukapopa matayala a njinga.

Kuchipatala atatitenga magazi m'kachipinda kena, tikudikira zotsatira panja, ndinatulutsa chitini chija n'kuonetsa namwino. Anachitembenuzatembenuza, n'kutiuza kuti si mankhwala ayi, sizichiza matenda aliwonse. Ndi tizakudya tomanga thupi, tomwe timapezekanso m'nyemba, m'mazira, m'soya ndi mu mtedza. Anati munthu wabwinobwino sizimupweteka akamatsata muyeso, koma wodwala impso kapena mayi woyembekezera asamwe asanafunse kuchipatala. Atamva ntchito ya amuna anga anaseka, nati abambowa amabereka mphamvuzo pakaliyala tsiku lililonse, n'kukazigulanso m'chitini. Ine sindinaseke nawo, maso anga anali pachitseko.

Atatiitananso m'kachipinda kaja, namwinoyo sanazungulire. "Nonse awiri mulibe kachilombo."

Ndinalira mokweza, mwana kumsana n'kuyambapo nayenso. Mtima unakhala pansi koyamba chipezereni chitinicho. Nditayang'ana amuna anga ndinaona chipewa chikunjenjemera m'manja mwawo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso ankaopa, ngakhale za anyamata a belu zija zinali zoona.

Pobwerera anandikweza pakaliyala. Titafika pachitunda chija ndinatsika, tinayamba kukankha njinga tonse awiri. Posakhalitsa anyamata aja anatulukira kumbuyo, mabelu ali ngrii ngrii, wina n'kukuwa kuti agogo apatuke. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe zoti akasimbe kwawo, koma amuna anga anandigwira mkono.

"Alekeni adutse, mayi. Ife nthawi tili nayo."