Basera wa a Monika

Ku Mayani kulibe amene sawadziwa a Monika, mayi wamfupi amene amagulitsa mbatata ya kachewere chakumapeto kwa msika. Masiku ano anthu amati ndi munthu wodziwa kuyankhula. Ife amene tinakula nawo timangoseka, chifukwa tikuwadziwa. Pakamwa pawo panali pa lumo, moti ngakhale powapatsa moni tinkayamba taganiza kaye.

Amayi a pamsikawo anali ndi kadzazidwe kawo ka ndowa. Timbatata tating'ono ankatiika pansi, zikuluzikulu n'kuzisanja pamwamba kuti zikope maso. Palibe ankati n'kuba, onse ankangoti ndi malonda. A Monika okha ndi amene sankachita nawo, komatu ankanyada nazo mpaka kutopetsa.

Chaka china a Yasini, amene ankabwera ndi lole kudzagula mbatata yopita kwa okazinga tchipisi ku Lilongwe, anatopa. Ananena poyera kuti akadzapezanso timbatata tobisika, lole yawo izikaima ku Kaphuka. Wogula zambiri chonchija panalibenso wina, ndipo kachewere sadikira munthu, amaola.

A Monika anaima pakati pa msika n'kuwatchula anzawo onse kuti ndi mbava, kuyambira ndi alamu awo a Jesinta. Zoona zinalipo, koma palibe anasintha. A Jesinta analeka kuwayankhula, ndipo kutchalitchi anasamukira benchi ina. Izi zinawapweteka a Monika kuposa za lole zija, pakuti awiriwa ankalima dimba limodzi.

Panadutsa masiku angapo. Kenako anapita kwa alamu awowo, n'kukhala pansi kuwathandiza kusankha mbatata. Anapepesa, ndipo kwa nthawi yoyamba anafunsa m'malo moweruza. A Jesinta anawauza kuti kunama sakukonda, koma theka la zokolola zawo ndi timbatata tomweto, ndiye atitaye kuti?

Tsiku la msika a Monika sanalalikire munthu. Anapempha ndowa ya a Jesinta, n'kuikhuthula pa chiguduli pamaso pa a Yasini. Anadzazamo zikuluzikulu zokhazokha, kenako anatapa timbatata tija ndi manja awiri n'kutithira pamwamba.

"Uyu ndi basera wanu, bambo," anatero. Atatembenukira kwa amayi anzawo anati, "Timbatata n'tomweti. Tikakhala pansi ndi bodza, tikakhala pamwamba ndi mphatso."

A Yasini anaseka, nafunsa ngati totsalato sangatigulitse patokha, poti alipo a malesitilanti amene amatifuna tophikira mu nyama. Paja akulu anati mawu okoma anatulutsa njovu m'munda. Amayi anayamba kukhuthula ndowa zawo mmodzimmodzi, ena akung'ung'udza ndithu, koma anakhuthula.

Lole ija imabwerabe mpaka lero. Pakamwa pa a Monika sipanazizire penipeni, ndisaname, koma tsopano akafuna kudzudzula amayamba afunsa kaye. Atsikana ongoyamba kumene malonda amawatumiza kwa iwo kuti akaphunzire kudzaza ndowa.

Iwo eni mukawafunsa za tsiku lija, za lole sazitchula n'komwe. Amakumbukira Lamulungu lotsatira, pamene a Jesinta analowa m'tchalitchi, n'kuwakankha pang'ono ndi chigongono.

"Senderani, alamu," anatero. "Malo anga aja mwawadya."