Lupanga la alamu anga litathyoka

Alamu anga a Mavuto ndi munthu wamatama, ndipo sindiwakonda. Pa gemu ina ya pakanema yomenyana ndi malupanga ankandikwapula Loweruka lililonse m'holo ya masewera ku Croydon, kenako n'kumandiseka mu tramu, sitima ya m'tauni, mchemwali wawo, mkazi wanga, akumva.

Itatuluka gemu yachiwiri ya mtundu womwewo, ndinapita ndekha kukaiphunzira mobisa. Ndinapeza kuti asintha lamulo: ukamangotchinga, lupanga lako limang'aluka pang'onopang'ono mpaka kuthyoka. Alamuwo luso lawo lonse ndi kutchinga basi.

"Pali chomwe chasintha?" anandifunsa Loweruka lotsatira, dzanja lili kale pamabatani.

"Palibe, alamu. Muzingotchinga ngati kale."

Ndinatema ndi chinkhwangwa changa cha m'gemumo, ndinatemanso, mpaka lupanga lawo linati phwa! Ndinakuwa mokweza, anthu n'kucheuka. Chomwe sindinaphunzire n'chakuti m'gemuyi munthu wopanda chida amathamanga kwambiri. Anandiswa ndi zibakera, ine chinkhwangwa changa chikadali m'mwamba, n'kundikankhira kunja kwa bwalo, ndi mmene anapambanira.

"Zikomo pondiphunzitsa, alamu," anatero akundisisita paphewa.

Sindinawauze kuti ndinanama, ndipo sindidzawauza. Bodzalo limandichititsa manyazi, koma zikomo ameneyo ndiye sindidzawakhululukira.