Mbendera Yofiira pa Njanji ya ku Mchinji

Anabwera Lachinayi m'mawa, m'mwezi wa Juni, ndikutsuka m'kamwa paseli pa nyumba yathu ku Mgona. Anali amuna awiri ovala zovala wamba. Sanagogode, poti chitseko chinali chotsegula kale ndipo akazi anga ankakoleza mbaula pakhonde. Galimoto anaisiya kumsewu, chifukwa tinjira ta kwathu galimoto silowa.

"Abambo a mbendera aja ndi inu?" anafunsa mmodzi, wamtaliyo.

Ndinati ndi ine.

"Valani nsapato tikacheze pang'ono ku ofesi. Mubwera tiyi asanazizire."

Mnzakeyo analowa m'nyumba osapempha. Sanafunefune kwambiri. Anatuluka ndi zinthu zitatu zimene zinali kuseri kwa chitseko: mbendera yanga yofiira, nyundo yanga ya mpini wautali, ndi kope. Akazi anga anaima ndi thumba la makala m'manja. Tiyi uja ndinadzamwa patatha masiku makumi awiri ndi atatu.

Ndifotokoze kaye kuti ndinali ndani. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinali woyendera njanji. Ntchito yake ndi ya mapazi ndi makutu. Umayenda pakati pa njanji, n'kumagogoda ndi nyundo pamfundo pamene zitsulo ziwiri zalumikizana. Bawuti yomanga bwino imalira mowuma. Yomasuka imalira ngati chidebe chong'aluka. Ukapeza cholakwika umalemba m'kope malo ake ndi tsiku. Ukapeza choopsa, umathamangira kumene sitima ikuchokera n'kukweza mbendera yofiira. Lamulo lake tinaliphunzira tsiku loyamba: wa mbendera safunsa kuti m'sitimamo muli ndani, ndipo woyendetsa akaona chofiira amaima, ngakhale atanyamula mfumu.

Boma litapereka njanji kwa kampani kuti iziyendetsa, ambiri tinauzidwa kuti ntchito yathu yatha. Nyumba ya kuntchito tinatulukamo, n'kudzapeza kachipinda ku Mgona, pafupi ndi njanji yomweyo. Nyundo ndi mbendera palibe anandifunsa, ndiye ndinangosunga. Koma mapazi sanamve kuti achotsedwa ntchito. M'mawa uliwonse ndinkapezeka ndikuyenda chigawo changa chakale, kuchokera ku Kanengo kulowera njira ya ku Mchinji, kuseri kwa Area 25. Akazi anga ankandiseka. "Abambo, anzanu akugulitsa makala, inu mukuweta zitsulo za eni."

Sitima zinali zitachepa kwambiri panjirayi, ndipo zitsulo zinayamba kusowa. Anthu ankamasula mabawuti ndi tizitsulo togwira njanji ku mitanda ya simenti, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Zina zinkabwerera ku msika zitasanduka makasu. Ine ndinkalemba zonse m'kope, monga ndinaphunzirira. Pakhota lina, pafupi ndi kalavati, ndinapeza kuti njanji ya mbali yakunja kwa khotalo yangotsamira pamitanda popanda chogwira, mtunda wa mapazi makumi asanu ndi limodzi. Sitima yoyenda pang'onopang'ono mwina ikanadutsa. Yothamanga ikanagwera m'khwawa. Ndinalemba makalata atatu n'kukasiya ndekha ku maofesi oyenera. Mlonda wa pachipata ankalandira mwaulemu. Yankho silinabwere.

Nthawi yomweyo pawailesi nkhani inali ya mayendedwe yokhayokha. Ankati njanji ifika kutsidya kwa malire, katundu wathu azipita ku doko osavutika, ndege zichuluka pabwalo, dziko lino lisiya kukhala lotsekeredwa pakati pa anzake. Ine zimenezi sindinkadana nazo ayi. Munthu wa njanji sangadane ndi sitima. Chimene chinkandiwawa n'chakuti onse ankayang'ana kumalire, palibe ankayang'ana pansi.

Kenako analengeza kuti Lolemba akuluakulu akwera sitima yapadera, ndi alendo akunja, kukaonetsa kuti njirayi ndi yokonzeka kunyamula anthu. Loweruka ndinaona aganyu akutchetcha udzu m'mbali mwa njanji ndi kupaka laimu miyala. Bawuti palibe anabweretsa ndi imodzi yomwe.

Lolemba lija ndinaima patali ndithu ndi khota, kuti woyendetsa akhale ndi mpata woimira. Sitima inabwera yokongoletsedwa ndi nsalu, ikuthamanga kuti alendo aone. Ndinakweza mbendera. Woyendetsayo ndinkamudziwa, tinayambira limodzi ntchito tili anyamata. Anaima. Mabuleki analira mpaka ana a sukulu amene anandanditsidwa kuti aziwomba m'manja anabalalika. Akuluakulu anatsika pakati pa minda ya mbatata, atolankhani akujambula. Ndinayesa kuwaitana kuti adzaone khotalo ndi maso awo, koma palibe anayenda mapazi khumi. Anadikira magalimoto awo, nsapato zili fumbi, n'kubwerera kutauni. Ine ndinapinda mbendera n'kupita kwathu, mtima uli m'malo. Ndinali chitsiru, ndinkaganiza kuti adzandithokoza.

Kumene ananditengera Lachinayi lija sinditchulako. Pakauntala anandivula lamba ndi nsapato, n'kundilowetsa m'chitolokosi cha anthu khumi ndi anayi ndi chidebe chimodzi. Juni ku Lilongwe mumamudziwa. Simenti ya mmenemo inkalowa m'mafupa. Anzanga a m'chitolokosi atamva mlandu wanga anaseka, n'kunditcha Asitima. Wina, wakuba mbuzi, anandigawira katoni kuti ndizikhalira.

Lachisanu masana ananditengera m'chipinda cham'mwamba. Munali bwana wa magalasi, wolankhula mofatsa, wosakweza mawu. Patebulo pake panali kope langa lotsegula.

"Madala, kope ili ndi lanu?"

"Ndi langa, bwana."

"Muli malo onse amene zitsulo zinachotsedwa, ndi masiku ake. Munthu angadziwe bwanji tsiku limene bawuti yachoka, ngati sanaichotse yekha?"

Ndinati woyendera njanji aliyense amalemba choncho, ndi ntchito yake.

"Ntchito mulibe inu," anatero. "Munachotsedwa kalekale. Ndiye amene akukutumani ndani? Chipani chiti?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinati atume munthu mmodzi yekha ndi nyundo akagogode pakhota paja, akamva yekha. Ndinati wakutsina khutu ndi mnansi. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Boma likukamba zolumikiza dziko lino ndi nyanja yamchere, inu mukukamba mabawuti. Mukudziwa kuti alendo aja anali oti athandize kumanga njirayi? Mwachititsa manyazi dziko lonse ndi kansalu."

Anatuluka kukamwa tiyi, n'kundisiya ndi anyamata awiri. Mmodzi anatenga mpini wa nyundo yanga. Anali atamva kuti ndimadyera mapazi. Zimene zinachitika m'chipindamo sindizilemba. Ndingonena kuti pobwerera kuchitolokosi anachita kundinyamula, ndipo mpaka lero ndimagula nsapato zokulirapo kuposa zimene ndinkavala kale. Anandikweza m'chipinda chija kanayi, nthawi zonse masana, mawindo ali otsegula, kunja makondakitala a maminibasi akuitanira anthu.

Ulendo wachiwiri bwana uja anandionetsa pepala lotayipa kale. Linkanena kuti njanji inali bwinobwino, kuti ine ndinaimitsa sitima nditaledzera, ndiponso kuti ndikupepesa boma. Pansi panali mzere wa dzina langa.

"Mukasaina, lero lomwe mukagona kwanu. Nkhani yakuba zitsulo tiiwala."

Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, ndinali mkulu wa mpingo. Koma zoledzerazo sizinandivute kwambiri. Chinandivuta ndi mzere woyamba uja. Ndinadziwa chimene ankalifunira pepalalo. Munthu mmodzi yekha ndiye ananena pagulu kuti njanji ndi yoopsa, ndipo munthuyo akabweza mawu ake, palibenso chifukwa chotumizira amisiri. Sitima ya anthu iyamba kuyenda, amayi a malonda ndi ana kumbuyo, n'kudzafika pakhota paja. Ndinakana.

"Mnzanu woyendetsa uja anasaina kale lake," anatero. "Akuti sanaone cholakwika, anangomvera mbendera. Mwatsala nokha, madala."

Akazi anga ankabwera tsiku lililonse wapansi kuchokera ku Mgona, ndi chakudya m'kambale. Lamulo la kumeneko n'lakuti wobweretsa chakudya alawe kaye pamaso pa mlonda, kuopa poizoni. Ndinkawaona kudzera pazenera la chitseko akutapa pang'ono n'kumeza, mlonda akuvundula ndiwo ndi cholembera. Masiku oyamba sankanena zambiri. Tsiku limene anaona mapazi anga anasiya kulawa, chakudya chili m'kamwa.

"Abambo, sainani," anatero atameza. "Njanji si mwana wanu. Mukafera muno adzakuikani ndani, sitima?"

"Amayi, mukudziwa zimene mukunena? Anthu adzafa paja."

"Inu mukufa muno, ine ndikukuonani. Enawo sindikuwaona."

Ndinawakwiyira, ndipo tsiku limenelo chakudya ndinapatsa wakuba mbuzi uja. Koma mawu awo anakhala nane. Kukhoti sanandipititse, belo sanaitchule. Ndikafunsa mlandu wanga, mlonda ankati fayilo ili kwa akuluakulu. Sabata yachitatu phazi lakumanzere linayamba kununkha. Lachitatu la sabata imeneyo bwana wa magalasi anandiuza, mofatsa momwemo, kuti Loweruka kukubwera galimoto yopita kundende yaikulu.

"Kumene kuja mafayilo amasowa," anatero. "Pali anthu akudikira mlandu wawo chaka chachisanu. Ndi phazi limenelo, sindikudziwa ngati inu mungadikire chachiwiri."

Ndinasaina Lachisanu, cha m'ma teni koloko m'mawa. Palibe anandigwira dzanja. Ndinawerenga pepala lonse, mzere woyamba uja ndinauwerenga kawiri, kenako ndinalemba dzina langa bwinobwino monga ndinkalembera m'kope. Ndikulemba izi kuti ana anga adziwe: bambo awo anachita mantha. Manyazi ake sanandichokebe.

Ananditulutsa Loweruka m'mawa, pamene galimoto ya kundende inkalowa pachipata. Pakauntala anandibwezera lamba ndi nsapato. Nsapatozo sizinalowe, ndinazinyamula m'manja. Nditafunsa za mbendera, nyundo ndi kope, wamtali uja wa tsiku loyamba anaseka.

"Zimenezo ndi umboni. Ndipo mumve, madala: mukadzaonekanso panjanji, tiyi wa kwanu simudzamwanso."

Anthu amati ukatuluka m'chitolokosi mpweya umakoma. Kwa ine sunakome. Ufulu umene ndinapatsidwa unali wokhala pakhonde, phazi lili m'beseni la madzi amchere, n'kumamvera wailesi. Patatha masiku anayi wailesiyo inanena kuti mkulu amene anasokoneza ulendo wa alendo wavomera kuti anali ataledzera, ndipo njanji ilibe vuto. Aneba anasiya kundiyang'ana kumaso. Ku mpingo anandipempha kuti ndiyambe ndapuma kaye pa udindo. Zonsezo ndinapirira. Chimene sindinkapirira ndi kulira kwa hutala iliyonse yochokera ku Kanengo. Ngakhale ikhale ya lole, ndinkadzuka pampando mtima uli m'mwamba.

M'mwezi wa Ogasiti analengeza kuti sitima yonyamula anthu iyamba kuyenda Lolemba lotsatira. Lachisanu ndinatenga ndodo n'kuuza akazi anga kuti ndikupita kuchipatala. Ndinadzera m'minda, osaponda njanji, mpaka ndinafika pakhota paja. Ndinadziuza kuti mwina anakonza mwakachetechete, poti boma silikonda kuvomera koma nthawi zina limamva. Udzu anali atatchetchanso. Miyala inali yoyera ndi laimu watsopano. Nyundo ndinalibe, ndiye ndinatola mwala n'kugogoda pamfundo. Inalira ngati chidebe chong'aluka. Ndinawerenga mapazi: sanalinso makumi asanu ndi limodzi, anali atafika makumi asanu ndi atatu.

Nditafika kunyumba ndinapeza akazi anga akusankha nyemba pakhonde. Anayang'ana fumbi lofiira la kunsapato kwanga.

"Chipatala chake chimenecho chili m'minda?"

Ndinawauza zonse. Ndinati mbendera ndilibe, dzina ndilibe, ndipo pepala langa lili m'kabati mwa bwana uja. Ndinati ndikaimanso paja adzati chidakwa chija chabweranso, ndipo ulendo uno sadzavutika n'kutayipa pepala. Iwo anapitiriza kusankha nyemba.

"Woyendetsa akaona chofiira, amaimabe?" anafunsa.

"Amaima. Ndi lamulo."

"Ngakhale chili m'manja mwa chidakwa?"

"Safunsa."

Anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akutsegula sutikesi. Anatuluka ndi duku lofiira limene ankavala popita ku maukwati, n'kulipinda panayi pamwendo pawo.

"Ine ndinati musaine kuti mutuluke," anatero. "Sindinati musaine kuti anthu afe."

Anandiika dukulo m'manja, n'kutenganso lichero lawo.

"Lolemba mudzamwe tiyi musanapite. Ndipo mudzavaliretu majuzi awiri, kuja kumazizira."